Musanaike sandipepala pa wotchi yanu

Mavidiyo a pa YouTube ndi Facebook aonetsa achinyamata athu kuti wotchi yakale yokalikakalika ikhoza kuwala ngati yangotuluka m'sitolo, ndipo tsopano ku Ulongué, ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete muli anthu amene akugula tupa ndi sandipepala kuti ayesere pakhonde. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawotchi, ndipo sindiletsa munthu kuphunzira. Manja amene amakhoza kusoka nsapato kapena kukonza foni akhozanso kukonza kesi ya wotchi, chitsulo chija chimasunga makina. Koma mavidiyowo amathamangira kuonetsa kuwala, osanena chimene chimachitika pa chitsulocho.

Mzere wokalika ndi kadzenje. Mayi akamazira nyumba amabweretsa dothi n'kudzaza pokumbika. Wopukuta wotchi alibe choti adzazire, ndiye amatsitsa malo onse ozungulira mpaka afike pansi pa kadzenjeko. Mzerewo ukasowa, ndiye kuti chitsulo chonse chimene chinali pamwamba pake chapita ngati fumbi, ndipo sichibwerera. Mzere wosazama umangofuna kuchotsa zochepa kwambiri. Koma pamene wotchi inagunda chitseko cha galimoto n'kulowa m'kati, kuti pafafanizike muyenera kudya mbali yonseyo, ndipo wotchi imatuluka yopendekeka, mbali imodzi yonenepa ina yowonda.

Choyamba ndi kudziwa chimene kesi yanu inapangidwira, ndipo apa ndi pamene mawotchi ambiri amafera. Tembenuzani wotchiyo muwerenge chivundikiro cha kumbuyo. Pakalembedwa kuti "All Stainless Steel" kapena "Stainless Steel" basi, kawirikawiri thupi lonse ndi chitsulo chosachita dzimbiri kuchokera kunja mpaka m'kati. Chimenecho mukhoza kuchipala. Koma pakalembedwa "Stainless Steel Back", kapena "Base Metal Bezel", kapena mawu achifalansa akuti "Fond Acier Inoxydable" amene amapezeka pa mawotchi akale a ku Switzerland, akukuuzani kuti chivundikiro chokha ndiye chitsulo. Thupi ndi bulasi, kapena zinki wosakaniza ndi zina, wokutidwa ndi kakhungu ka kolomu kapena golide. Kakhunguko n'kopyapyala kuposa mmene anthu amaganizira. Mawotchi akale abwino ankadindidwa "Plaqué G 10" kapena "G 20", kutanthauza golide wochindikala mamayikiloni 10 kapena 20, pomwe tsitsi la munthu limakhala pafupifupi mamayikiloni 70. Mawotchi otchipa a masiku ano ena golide wake safika ngakhale mayikiloni imodzi. Sandipepala akangodutsa kawiri katatu, pamatuluka chikasu chofiirira cha bulasi, ndipo bulasiyo akakumana ndi thukuta la kuno m'mwezi wa Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40 m'chigwa cha Zambezi, amabiriwira n'kudetsa dzanja. Ena khungu limatuluka nsungu chifukwa cha nikelo amene amakhala pansi pa kolomu.

Palinso ma Casio aja onyezimira ngati siliva, monga A158 ndi A168. Lamba wake ndi wachitsulo, koma kesi ndi pulasitiki yokutidwa. Mawotchi achitsulo akuda bii aja nawonso mtundu wakudawo uli pamwamba pokha. Mawotchi abodza amene amalembedwa Rolex kapena Omega n'kumagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, mawu a pa chivundikiro chake musawakhulupirire n'komwe. Mukakayika, chotsani lamba muyang'ane pakati pa nyanga, tizitsulo tija timatuluka pa kesi kugwira lamba, pomwe sipaoneka, mukale pang'ono ndi nsonga ya singano. Mtundu ukasintha, siyani. Maginito sathandiza, chifukwa chitsulo cha mawotchi ndi bulasi zonse sizikoka kwenikweni, komanso maginitoyo amasokoneza kasipiling'i kopyapyala kamene kamayendetsa nthawi, wotchi n'kuyamba kuthamanga.

Chitsulo chimene makampani ambiri amagwiritsa ntchito chimatchedwa 316L. Muli kolomu pakati pa 16 ndi 18 peresenti, nikelo pakati pa 10 ndi 14, ndi molibidenamu pang'ono. Kolomuyo akakhudzana ndi mpweya amapanga kakhungu kosaoneka kotchinga dzimbiri, ndipo mukakapala kamadzipanganso kokha. N'chifukwa chake chitsulochi chimalola kupalidwa. Koma sitiliwulu wotsukira mapoto musamuyandikitse. Iye ndi chitsulo wamba, amasiya tizidutswa tobisala m'mizere, ndipo pakapita masabata mumaona timadontho tofiira pa wotchi imene inalembedwa kuti sichita dzimbiri. Phulusa ndi mchenga nazonso zisiyireni mapoto.

Palinso funso lina lofunika kuyankha musanagwire chida chilichonse: kodi wotchiyi ndi yoyenera kupukutidwa? M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga muli nyumba zimene zikusungabe mawotchi amene agogo anabwera nawo kuchokera ku Halale kapena ku Joni. Ena mwa iwo ndi a mtengo, ndipo anthu ogula mawotchi akale amalipira zambiri pa wotchi yokalika koma yosapukutidwa kusiyana ndi yowala imene ngodya zake zinasungunuka. Mnyamata wina anabweretsa Omega ya malume ake itawala ngati supuni, nyanga zake zitaonda. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndani anakuchitirani zimenezi?" Iye anati, "Madala, ndinapita kwa owotcherera, anaiika pa gilayinda." Makina ake anali bwinobwino, koma mtengo wa wotchiyo unali utatsala pa gilayinda paja. Mawotchi opangidwa zaka za m'ma 1960 zisanafike ali ndi vuto linanso: utoto wowala usiku pa mivi ndi manambala nthawi zambiri unali wa radium, ndipo fumbi lake ndi loopsa kulipuma. Wotchi yotero musaitsegule pakhomo pali ana.

Wophunzira ayambe ndi wotchi yachitsulo yotchipa, makamaka yakufa kale. Seiko 5, imene inayamba kutuluka mu 1963 ndipo imapezeka m'misika yathu yambiri, ndi yabwino kuphunzirapo chifukwa kawirikawiri kesi yake ndi chitsulo chenicheni chokwanira.

Tulutsani makina kaye. Anthu ambiri amadumpha pamenepa poopa kutsegula, koma fumbi la chitsulo limalowa podutsa kabatani kowaindira, ndipo kutentha kwa kupukuta kumaumitsa mafuta ndi kufewetsa mphira zotchinga madzi. Tsegulani chivundikiro, pezani kachitsulo kotulutsira kamtengo ka batani, kadinikizeni mopepuka, kokani batanilo, kenako makina atuluke pamodzi ndi nkhope yake, paja pamakhala manambala ndi mivi. Aikeni m'kabokosi kotseka, osagwira nkhopeyo ndi chala. Galasi ngati mungathe lichotseni. Ngati simungathe, limateni ndi tepi kawiri. Kesi yopanda kanthuyo itsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Nthawi zambiri mukatero mumapeza kuti theka la zimene mumati ndi kukalika linali litsiro, makamaka kwa anzathu a ku Moatize kumene fumbi la malasha limasakanikirana ndi thukuta n'kuuma m'makona.

Tsopano iyang'anitsitseni kesiyo pa kuwala. Kesi yabwino siinapangidwe ndi mtundu umodzi wa kuwala. Pamwamba pa nyanga pakhoza kukhala timizere tosalala toloza kumodzi, m'mbali mowala ngati kalilole, ndipo pakati pa ziwirizi pali mzere wakuthwa. Mzere umenewo ndiwo umachititsa wotchi kuoneka yatsopano, kuposa kuwala kwenikweniko. Kampani ya Seiko imadzitamandira ndi kapukutidwe kotchedwa Zaratsu pa mawotchi ake a Grand Seiko, ndipo chinsinsi chake n'chakuti kesi amaikhuza pa mbale yosalala yolimba yozungulira, osati pa nsalu yofewa. Chofewa chimatsatira ngodya n'kuidya. Chala chanu n'chofewa. Ndiye sandipepala musamugwire ndi chala. Mumateni pa kamtengo kosalala ngati ka ayisikilimu, kapena muyaleni pa chidutswa cha galasi la zenera n'kumayendetsa kesiyo pamwamba pake. Mbali imene simukuigwira imateni ndi tepi mpaka pa mzere weniweni.

Sandipepala wake ndi wam'madzi uja amagwiritsa ntchito openta magalimoto, amene m'masitolo a zitsulo mungamufunse kuti lixa de água. Nambala ikakula ndiye kuti ndi wosalala. Pa zokalika wamba yambani ndi 800. 400 ndi wa pozama pokha. Kenako 1200, 1500, 2000, mpaka 2500 ngati alipo. Pakani malowo ndi cholembera chakuda cha maka musanayambe: pamene inki yatsalira ndi pamene sandipepala sakufika, ndipo mukaona inki ikuchoka m'mphepete mokha dziwani kuti dzanja lapendekeka. Posintha nambala sinthaninso koloza, kuti muone ngati mizere ya nambala yapitayo yatha. Musadumphe. Mzere wa 400 umene mwausiya sungachoke ndi 2000, umangowala n'kuonekera kwambiri. Tsukani kesi ndi manja pakati pa nambala iliyonse, chifukwa kamchenga kamodzi ka 400 kakatsalira kabwezera ntchito yonse kumbuyo.

Kuwalitsa komaliza ndi kwachidule. Mankhwala opukutira zitsulo monga Autosol pa kansalu ka thonje amakwanira. Amene ali ndi kamakina kam'manja kozungulira agwiritse ntchito kagudumu ka feliti ndi sopo wobiriwira wopukutira chitsulo, pa liwiro lotsika, osakhazikika pamalo amodzi. Kesi ikatentha moti simungaigwire, mwapitirira. Mbali za timizere zimabwera pambuyo pake: matani tepi powala paja, tengani Scotch-Brite kapena sandipepala wa 600, kokani koloza kumodzi basi, kuchoka poyambira mpaka kumapeto, osabwerera m'mbuyo. Dzanja likagwedezeka timizere timapingasana ndipo diso limaona msanga.

Kusintha kaumbidwe ka kesi ndi nkhani ina, ndipo ndi imene imakopa achinyamata kwambiri. Kunja kuli gulu lalikulu la anthu amene amasema ma Seiko, makamaka SKX007 imene inatuluka mu 1996: amachotsa timapewa totchinga batani, amasema ngodya zatsopano pa nyanga, amaboola nyanga kuti lamba azichoka mosavuta. Zimatheka ndi tupa zazing'ono, vayisi yokutidwa ndi chikopa kapena matabwa, ndi kuleza mtima. Lembani mzere ndi maka, semani mbali zonse mosinthanasinthana, kukoka kangapo uku kangapo uko, mukuyerekeza, chifukwa mukamaliza nyanga imodzi kaye, zitatu zinazo zidzakhala zikuithamangitsa mpaka zonse zitaonda. Pali malo amene tupa siyenera kufika. M'kati mwa nyanga, pomwe pamalowa lamba, mpata wake ndi woyezedwa, kawirikawiri mamilimita 18, 20 kapena 22. Mukaukulitsa, kapini ka sipiling'i kamagwedera ndipo wotchi idzagwa tsiku lina muli pa njinga yamoto. Chitsulo chozungulira kabowo ka kapiniko chikaonda chimang'ambika. Pokhala galasi, pokhala mphira ya chivundikiro, ndi mazinga omangira chivundikirocho, osakhudza. Timapewa ta batani nato ine ndimati tisiyeni ngati mumagwira ntchito ya manja. Tinaikidwa kuti batani lisathyoke mukagunda.

Kuboola nyanga ndi kumene kumathyola mitima. Chitsulo cha 316L chikatenthedwa ndi kukhuzidwa chimauma pomwepo, ndiye dirilo ikangozungulira osadula, malowo amalimba kuposa poyamba ndipo kadirilo ka milimita imodzi kamathyokera m'katimo. Pamafunika dirilo ya kobati, liwiro lotsika, kadontho ka oyilo, ndi makina oimirira osagwedera. Ndi dirilo ya m'manja musayese.

Chivundikiro cha kumbuyo chisiyeni ndi zokalika zake. Palibe amachiona, ndipo pali manambala. Pa Seiko, nambala yoyamba ya siriyo ndi nambala yomaliza ya chaka chimene inapangidwa, yachiwiri ndi mwezi, ndipo Okutobala, Novembala ndi Disembala amalembedwa O, N ndi D. Nambala ina ya pomwepo ndi imene wokonza amagwiritsa ntchito pofuna galasi kapena mphira yoyenera. Zikafufutika, mwavutitsa aliyense amene adzagwire wotchiyo pambuyo panu.

Galasi la pulasitiki la mawotchi akale limapukutika ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu. Galasi lenileni komanso la safaya sizimvera zimenezo. Kusintha n'kosavuta kuposa kulimbana nazo.

Pobwezeretsa, tsukani kesi mpaka mankhwala onse akuda atatha m'mabowo, iumitseni bwinobwino, ndipo mphira yakale ikakhala yophwatalala kapena youma ikani ina, mutaipaka girizi wa silikoni pang'ono, osati mafuta ophikira kapena odzola. Tsekani tsiku louma. Mpweya wachinyezi ukatsekeredwa m'kati mu mzinda wa Tete, mudzauona ngati nkhungu pansi pa galasi m'mawa wa Juni mukakwera ku Ulongué kapena ku Furancungo. Mukhoza kuyesa pakhomo: ikani wotchiyo padzuwa mpaka ifunde ndithu koma osapsa, donthezani madzi ozizira pa galasi, dikirani mphindi imodzi, pukutani. M'kati mukaoneka nthunzi, muli chinyezi, tsegulaninso muumitse. Kuyesaku kumangosonyeza chinyezi chimene chalowa kale. Wotchi imene yatsegulidwa pakhomo, ngakhale pa chivundikiro palembedwe mamita 100, muziivula posamba ndi pochapa mpaka itayesedwa pa makina a mpweya.