Nyumba imene inakanganitsa akatswiri a zivomezi ku Oregon

Ku Newport, tauni ya asodzi imene ili m'mphepete mwa nyanja ya Pacific m'chigawo cha Oregon ku America, kuli nyumba ina imene munthu ukaiona umadabwa nayo. Ili ndi chinjira chotakasuka chochokera pansi mpaka padenga, ndipo dengalo analikonza kuti anthu opitirira 900 athe kuthawirapo tsiku limene nyanja idzasefukire kumtunda. Dzina lake ndi Gladys Valley Marine Studies Building, mwini wake ndi Oregon State University. Amene anakana kwamtuwagalu kuti imangidwe pamalopo anali aphunzitsi a payunivesite yomweyo, a ku koleji yotchedwa College of Earth, Ocean, and Atmospheric Sciences, imene imaphunzitsa za nthaka ndi miyala, za nyanja komanso za mlengalenga. Mkanganowu sungamveke bwino popanda kudziwa kumene kolejiyi inachokera.

Yunivesiteyi ili ku Corvallis, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera kunyanja, ndipo kuyambira mu 1868 inkadziwika ndi maphunziro a zaulimi. Za nyanja anabwera nazo ndi munthu mmodzi, Wayne Burt, amene anafika mu 1954 n'kuyamba kuyeza madzi a m'magombe ndi kabwato kakang'ono, pogwiritsa ntchito ndalama zochokera ku ofesi yoona za kafukufuku ya asilikali apamadzi. Asilikaliwo sankapereka ndalamazo mwaulere. Inali nthawi imene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, ndipo aliyense ankafuna kudziwa mmene sitima zoyenda pansi pa madzi zingabisalire. Mu 1959 dipatimenti ya maphunziro a zanyanja inakhazikitsidwa, mu 1961 anapeza sitima yawo yoyamba ya kafukufuku yotchedwa Acona, ndipo mu 1965 anatsegula malo a kafukufuku ku Newport, pagombe la Yaquina Bay. Malowa pambuyo pake anawatcha Hatfield Marine Science Center, polemekeza Mark Hatfield amene anakhalapo bwanamkubwa wa Oregon komanso seneta.

Dzina la sukulu ya zanyanjayi lakhala likutalika monga mmene ntchito yake inkakulira. Mu 1993 anaikamo mawu a zamlengalenga, chifukwa mphepo ndi mafunde sizisiyana, ndipo mu 2011 anaiphatikiza ndi dipatimenti ya za miyala ndi malo, n'kukhala dzina lomwe ili nalo lero.

Chimene chinaitchukitsa padziko lonse chinachitika mu February 1977 kufupi ndi zilumba za Galápagos m'nyanja ya Pacific. Jack Corliss wa ku Oregon State anatsika m'kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Alvin mpaka mamita pafupifupi 2,500 pansi pa nyanja, kukafufuza akasupe a madzi otentha amene akatswiri a miyala ankaganiza kuti ayenera kukhalako. Akasupewo anawapeza, koma anapezanso zimene palibe anaziyembekezera: nkhono zikuluzikulu, nkhanu ndi nyongolotsi zitalizitali za mitu yofiira, zonse zili mumdima wandiweyani kumene dzuwa silifika. Zamoyozi zimadalira mabakiteriya amene amapanga chakudya kuchokera ku mpweya wa sufule wotuluka m'akasupewo. Paulendowo panalibe katswiri wa zamoyo ngakhale mmodzi, moti mankhwala osungira zimene anatolazo atachepa, zina anaziviika mu mowa waukali wotchedwa vodika.

Koma ntchito imene inadzabala mkangano wa ku Newport inali yosaoneka bwino n'komwe: matope. M'zaka za m'ma 1960 ophunzira ndi aphunzitsi awo, monga Gary Griggs ndi LaVerne Kulm, ankazika mipope pansi pa nyanja n'kutulutsa matope osanjikizana. M'matopewo munali mizere ya mchenga yosonyeza kuti nthawi ndi nthawi zigumukire zinkachitika pansi pa madzi. Munalinso phulusa la phiri la Mazama, la ku Oregon komweko, limene linaphulika zaka pafupifupi 7,700 zapitazo, ndipo phulusali linkathandiza kuwerenga zaka. Nthawi imeneyo anthu a ku Oregon ankati zivomezi zikuluzikulu ndi za anzawo a ku California ndi ku Alaska.

Maganizowo anayamba kugwa m'zaka za m'ma 1980, pamene Brian Atwater wa bungwe la boma loona za miyala anapeza madambo ndi nkhalango za m'gombe zimene zinatitimira mwadzidzidzi n'kufa ndi madzi amchere. Mu 1990 John Adams anabwerera ku matope akale aja n'kunena kuti zigumukirezo zinkachitika nthawi imodzi m'malo otalikirana, chinthu chimene chivomezi chokha chingachite. Kenako akatswiri a ku Japan, motsogozedwa ndi Kenji Satake, anayerekeza zimenezi ndi zolemba zakale za kwawo zonena za tsunami (mafunde aakulu oyambitsidwa ndi chivomezi cha pansi pa nyanja) imene inafika popanda chivomezi chilichonse kumveka, ndipo tsiku linapezeka: pa 26 January 1700 gombe la Oregon ndi madera oyandikana nalo anagwedezeka ndi chivomezi cha mphamvu pafupifupi 9 pa sikelo yoyezera zivomezi. Mitundu ya eni nthaka a m'gombeli inali ikusimba kale za usiku umene nthaka inagwedezeka ndipo nyanja inameza midzi, kungoti akatswiri anachedwa kuwamvera.

Chris Goldfinger wa pakolejiyi ndiye anathera zaka zambiri akuwerenga matopewo, ndipo iye ndi anzake anapeza zivomezi 41 m'zaka pafupifupi 10,000. Gwero lake ndi mng'alu wa Cascadia, wotalika makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kumpoto kwa California mpaka ku chilumba cha Vancouver, kumene chigawo cha nthaka cha Juan de Fuca chikulowa pansi pa cha North America. Goldfinger sankangolankhula za m'mabuku. Chivomezi cha mu March 2011 chinamupeza ali ku Japan pamsonkhano wa akatswiri a zivomezi. Chaka chotsatira, mu June 2012, chidoko chasimenti chimene tsunami ya chivomezicho inazula ku Misawa ku Japan chinawoloka Pacific yonse n'kudzatsakamira pa Agate Beach, ku Newport komweko.

Ndiye taganizani mmene anamvera atamva kuti yunivesite yake ikufuna kumanga nyumba yatsopano ya ophunzira mazanamazana pa Hatfield, pamchenga wa m'mphepete mwa madzi, pamalo amene mapu a boma amasonyeza kuti tsunami idzafikapo. Iye ndi aphunzitsi anzake analemba kalata yopempha kuti nyumbayo ipite pamtunda. Mfundo yawo inali yakuti chivomezi chikadzachitika, mchenga wonyowa udzasanduka ngati phala, ndipo mafunde adzafika pasanathe theka la ola. Akuluakulu a yunivesite anayankha kuti kafukufuku wa zanyanja amafuna madzi amchere ndi madoko pafupi, kuti anthu akugwira kale ntchito pamalopo, ndiponso kuti nyumba yolimba yokhala ndi pothawira padenga idzapulumutsa ngakhale amene sakanatha kuthamangira ku kaphiri ka Safe Haven Hill. Mu 2016 mkulu wa yunivesite, Ed Ray, anagamula kuti imangidwa pomwepo, koma malo ogona ophunzira akhale pamtunda.

Kunena zoona mbali zonse zinali ndi mfundo, koma ine ndimaona kuti aphunzitsi aja anali ndi chifukwa chomveka chodera nkhawa chitsanzo chimene yunivesite ikupereka. Ngati odziwa za ngoziyo akumanga pamchenga, khonsolo ya tauni ingamuletse bwanji wina? Mu 2019 nyumba ya malamulo ya Oregon inachotsa lamulo la mu 1995 limene linkaletsa kumanga sukulu, zipatala ndi maofesi a ozimitsa moto atsopano m'madera ofikako tsunami, ndipo Goldfinger anadzudzulanso poyera.

Nyumbayo inatha mu 2020, itakhazikika pa maziko ozama osakaniza dothi ndi simenti. Chidutswa cha doko la ku Misawa chija anachiika panja pa malo olandirira alendo a Hatfield, ndipo ochokera pamalo a alendowo akamapita ku chinjira chokwerera padenga sayenda mtunda wautali.