Lamulo la 1883 silinathetse kugawana ntchito mwachipani ku America

Ambiri amati lamulo la Pendleton la 1883, lonena kuti anthu azilembedwa ntchito za boma potengera mayeso, linathetseratu mchitidwe wogawana ntchito za boma potengera chipani ku America. Ayi ndithu. Poyamba linangokhudza pafupifupi ntchito imodzi pa khumi zilizonse, zotsalazo zikadali m'manja mwa andale.

Taonani kalata ya mu 1913. William Jennings Bryan, nduna yoona za maiko akunja m'boma la Pulezidenti Woodrow Wilson, analembera Walter Vick, amene boma la America linamuika kukhala mkulu wotolera msonkho wa pamadoko ku Santo Domingo, m'dziko la Dominican Republic, kufunsa mipata ya ntchito yothokozera a chipani cha Democratic amene anakhetsa thukuta pa kampeni. Chimandiwawa n'chakuti malipiro awo akanachokera m'misonkho ya dziko la eni. Kalatayo itaululika mu 1915, Bryan sanapepese n'komwe.