Timiyeso ta mkuwa ta anthu a Akan

Kuyambira cha m'ma 1400 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndalama ya anthu a Akan, ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, inali fumbi la golide. Pogula chinthu ankachita kuyeza fumbilo pasikelo. Wamalonda aliyense ankayenda ndi kathumba kotchedwa futuo, momwe munali sikelo yaing'ono, tisupuni totapira golide, tibokosi tosungiramo, ndi timiyeso ta mkuwa totchedwa mrammuo.

Muyezo woyamba unabwera ndi amalonda Achisilamu ochokera ku Mali, omwe ankatumiza golide kudutsa chipululu cha Sahara. Iwo ankayeza ndi mithqal, pafupifupi magalamu 4.5, ndipo timiyeso takalekale tinali ta makona ndi mizere chabe. Apwitikizi atafika mu 1471 n'kumanga linga la Elmina mu 1482, miyezo ya ku Ulaya inalowanso pamsika.

Chomwe chimandigwira mtima ndi luso la amisiri. Mmisiri ankaumba kanthu ndi phula, n'kukakuta ndi dongo, n'kuotcha kuti phulalo lisungunuke lituluke, kenako n'kuthiramo mkuwa wamoto. Potulutsa kamuyezoko ankaswa dongolo, choncho kalikonse kanali kakekake. Nthawi zina ankakuta mtedza weniweni kapena chikumbu, chipsere m'katimo, mkuwa n'kutenga maonekedwe ake. Kakalemera kwambiri ankakapala, kakapepuka ankaonjezerapo mtovu.

Pambuyo pake timiyeso tambiri tinayamba kunyamula miyambi. Kodziwika kwambiri ndi ng'ona ziwiri za mimba imodzi, zolimbirana chakudya chomwe chikupita m'mimba yomweyo, chidzudzulo kwa abale okanganirana chuma cha banja limodzi. Palinso mbalame ya sankofa, yotembenuza khosi kuyang'ana m'mbuyo, kutanthauza kuti munthu aziphunzira pa zakale.

Pamsika, wogula ndi wogulitsa aliyense ankayeza ndi timiyeso take mpaka agwirizane. Ta mfumu ya Asante, ufumu waukulu wa anthu a Akan womwe likulu lake linali ku Kumasi, tinali tolemererapo kuposa ta anthu wamba, ndipo golide woonjezerekayo ankatsala kunyumba yachifumu ngati msonkho.

Atsamunda a ku Britain ndiwo anathetsa zonsezi. Mu 1889 anakhazikitsa lamulo loti fumbi la golide lisakhalenso ndalama ku Gold Coast, dera la kugombe la Ghana lomwe ankalilamulira, ndipo mu 1896 analowa mu Kumasi n'kugwira mfumu Prempeh I. Ndalama zachitsulo zitafala, mabanja ambiri anagulitsa timiyeso tawo kwa Azungu, n'chifukwa chake lero tambirimbiri tili ku British Museum ku London.