Msewu ukafika ku Nyika, timange pati?

Anthu kuno ku Mzuzu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza mapulani a malo okopa alendo, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Kodi inuyo bwanji mumakaniza chitukuko ku Nyika?" Kawirikawiri wofunsayo amakhala kuti wayendapo pamsewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pachipata cha Thazima, ndipo msana ukumuwawabe. Ndimamumvetsa. Msewu wabwino ukufunika ndithu. Chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene zimabwera pambuyo pa msewuwo.

Tiyambe ndi ntchito imene phirili limagwira popanda mlendo ndi mmodzi yemwe. Nyika ndi nkhokwe ya madzi. Udzu waufupi uja ndi madambo apamwamba zimamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe imachokera kumeneko, ndipo pa Wovwe pali makina opangira magetsi. Mlimi wa ku Karonga amene sanapondeko ku Chelinda, malo ofikira alendo pamwamba pa phirili, amadya za Nyika tsiku lililonse.

Koma malo okwera chonchi, poti nsonga ya Nganda imafika mamita 2,607, akavulala sachira msanga. Kumazizira, udzu umaphuka mochedwa. Galimoto ikapatuka mumsewu kuti alendo ajambule mbidzi chapafupi, matayala amasiya mizere iwiri, mvula n'kuilondola, ndipo mizereyo imasanduka ngalande. Ndiye taganizirani za hotela ya zipinda zambiri. Mu June ndi July kumagwa chisanu choyeretsa udzu, choncho chipinda chilichonse chimafuna moto. Nkhunizo zichokera kuti? Madzi a m'zimbudzi ndi ochapira alowera kuti, pamalo pamene dambo lililonse ndi mutu wa mtsinje? Antchito ndi mabanja awo agona pati? Pachithunzi cha pulani mumangoona nyumba yokongola, zonsezi sizioneka.

Phunziro lilipo kale pa Chelinda pomwepo. Mapaini amene alendo amawakonda aja anadzalidwa m'zaka za m'ma 1950 pongoyesa ngati angakule bwino. Anakuladi, ndipo mbewu zake zimauluka n'kumamera m'udzu kutali ndi pomwe anadzalidwa, moti kuwazula ndi ntchito yodya ndalama. Amene anawadzala sanali ndi cholinga choipa ayi.

Tsono mbali imene anzanga ena a zachilengedwe sakonda kuikamba ndi ya anthu. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamene inakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri, kuphatikizapo Aphoka, anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Adzukulu awo ndi amene akukhala m'malire lero. Tikamadandaula za misampha ya waya kapena moto wolusa, tizikumbukira mbiri imeneyi.

Chitsanzo ndi chinaka, chakudya chimene ena amati chikanda. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo kuli alendo amene amabwera nthawi ya dzinja kudzaona maluwawo basi. Chinaka chimapangidwa ndi tizinthu tonga mbatata tapansi pa ena mwa maluwa omwewo, ndipo msika wake waukulu uli ku Zambia. Mukakumba kambatatako, duwalo latha. Koma mayi amene akukumbayo amagwira ndalama m'manja lero lomwe, pamene mlendo wotera pandege pa Chelinda, n'kudya chakudya chogulidwa m'tauni, samusiyira kalikonse. Mungamuuze bwanji mayiyo kuti duwa lamoyo ndi laphindu kuposa lokumba?

Njira zogawana phindu zilipo. Bungwe la Nyika Vwaza Association limaimira midzi yozungulira ndipo limalandira gawo la ndalama za paki, komanso alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'mbali zina. Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe loteteza zachilengedwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Ndi poyambira pabwino, kungoti gawo la ndalama zochepa limakhalanso lochepa, ndipo mjigo umodzi m'mudzi sulowa m'thumba la munthu.

Ndiye maganizo anga ndi awa: pamwamba pakhale malo ogona ochepa, pomwe pali kale nyumba, osatsegula malo atsopano. Zambirizo, malo ogona otsika mtengo, odyera, ogulitsira uchi ndi khofi wa ku mapiri a Phoka, zimangidwe kunsi, ku Thazima, ku Bolero ndi pa Rumphi boma. Kumeneko mwini nyumba ndi munthu wakomweko, tomato ndi wa m'dimba la pafupi, ndipo wolondolera alendo ndi mnyamata amene amadziwa pomwe chilembwe ndi ntchefu zimadya chifukwa agogo ake ankazisaka. Kumenekonso n'kumene ana asukulu ochokera ku Katoto kapena ku Chibavi angakwanitse kugona.

Ndikudziwa kuti amalonda akuluakulu sakondwa nazo izi, poti mlendo wolipira madola amafuna kudzuka ali pamwamba, nkhungu ili pakhomo. Ena adzatenga ndalama zawo n'kupita kunyanja. Apite. Amene adzatsale, pamsonkhano wounika momwe ntchito yawo ikhudzire chilengedwe, mafumu ndi anthu akumaloko adzawafunse za nkhuni, za zimbudzi, ndiponso kuti tomato azikagula kwa ndani.