Pa ntchito yatsopano, musabise kuti simukudziwa

Ndatopa nawo mawu akuti, "Ndimaopa kuti aziti sindidziwa ntchito." Owanena nthawi zambiri amakhala ali kale mu ofesi ya bwana, kalata yowachenjeza ili patebulo.

Wolemba ntchito aliyense amadziwa kuti munthu watsopano sadziwa zapamalopo. Anakulembani chifukwa cha maphunziro ndi luso lanu, koma yemwe amasaina chiyani, fomu iti imapita kwa yani, zimenezo kulibe sukulu imene imaphunzitsa. Mwezi woyamba kufunsa n'kwaulere. Funso lomwelo mukalifunsa mwezi wachinayi limakudyani, chifukwa likuonetsa kuti nthawi yonseyi mumangoganizira. Za safunsa amene anadya phula tonse timazidziwa, koma tikavala jekete yatsopano timaiwala.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya kalaliki wina wa mosungira katundu, mnyamata wakhama, wofika m'mawa ena onse asanafike. Sabata yake yachiwiri kunabwera katundu. Pepala likuti makatoni 50, iye powerenga anapeza 48. Dalaivala ali pachangu, injini ikulira, ndipo mkulu wina amene anakhalitsa pamalopo anati, "Sainani basi achimwene, timatero kuno, awiriwo abwera ulendo wina." Anasainira 50 ndipo sanauze aliyense. Patatha masabata 6, powerengera katundu, makatoni awiri sanaoneke, siginecha ndi yake. Mlangizi uja anati sakukumbukira. Akanalemba 48 papepalapo, dalaivala n'kusainanso, bwana n'kumva tsiku lomwelo, nkhani ikanathera kwa otumiza katunduwo. Ntchito inamuthera ngati wakuba asanabe kanthu.

Alangizi oterewa ali paliponse. Ndi amene amayamba kukulandirani, amakuuzani bwana woipa ndi uti, ndipo ali ndi njira yachidule ya chilichonse. Muziwapatsa moni mwaulemu, koma njira yachidule isalowe m'malo mwa ndondomeko yolembedwa. Musasainire chimene simunawerenge nokha. Musalowe pa kompyuta ndi pasiwedi ya wina, ndipo yanu musabwereke munthu, ngakhale atati ndi mphindi ziwiri zokha.

Sabata yoyamba isanathe, pemphani mphindi 15 kwa amene amakuyang'anirani. Afunseni zinthu zitatu: zimene akufuna zitatheka pakutha masiku 30, zimene mungaganize panokha, ndi zimene muyenera kuyamba mwapempha chilolezo. Lembani m'kope. Mafunso ang'onoang'ono muziwasonkhanitsa n'kuwafunsa kamodzi patsiku, osati kugogoda pakhomo pake ola lililonse. Akakutumani pakamwa chinthu chokhudza ndalama kapena katundu, tumizani kauthenga kobwereza zimene mwamva kuti atsimikize.

Mukalakwitsa, ndipo mudzalakwitsa ndithu, nenani tsiku lomwelo: chachitika n'chiyani, chakhudza yani, inu mwachitapo chiyani. Cholakwa cha lero chimakonzeka ndi foni imodzi. Chikagona mwezi chimalowa m'malipoti, ena n'kugwirirapo ntchito, ndipo funso silikhalanso lakuti munalakwitsa bwanji koma lakuti munabisiranji.

Pulobeshoni nayo, nthawi yoyesedwa musanakhazikitsidwe pa ntchito, musamangoidikira kuti ithe. Ngati ndi ya miyezi itatu, pakutha masabata 6 funsani nokha kumene mukuperewera. Mabwana ambiri sanena pokhapokha muwafunse, ndipo zimene munayenera kumva mwezi wachiwiri mumakaziwerenga m'kalata ya tsiku lomaliza, nthawi yokonza itatha kale.