BP saimvera m'mutu, amachita kuyeza

"Ine BP yanga ikashuta ndimaimva, mutu umalemera chakunkhongoku." Mawu amenewa amamveka tsiku ndi tsiku m'zipinda zoonera odwala, ndipo owanena ndi anthu ozindikira ndithu: aphunzitsi, ochita malonda, akuluampingo. Chikhulupiriro chimenechi chapundula anthu ambiri. BP yokwera nthawi zambiri siimveka n'komwe. Munthu amalima, kupalasa njinga, kudya nsima yake bwinobwino, BP ili pa 170/105 chaka ndi chaka, uku mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso zikuwonongeka. Mutu umene umakuwawani madzulo uja kawirikawiri ndi wa kutopa, njala, dzuwa kapena maganizo. Mukathamangira kukayeza mutu ukuwawa, ululuwo pawokha umakwezako nambala, inu n'kumati mwaigwira.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'dziko muno. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anapezeka ndi BP yokwera, ndipo mwa anthu 10 otere, oposa 9 sankadziwa. BP ikanakhala yomveka m'mutu, onsewa akanadziwa kalekale.

Ndiye imafunika kuyeza. Koma apanso pali msokonezo. Kuyeza kumene kumachitika ku famase, kuntchito kapena pa tsiku la zaumoyo kutchalitchi kuli ngati kupeta m'lichero: ntchito yake ndi kupatula anthu ofunika kuwayang'anitsitsa, osati kugamula kuti uyu ndi wodwala. Munthu timamutchula kuti ali ndi BP nambala ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamenepo pa masiku awiri osiyana, atayezedwa moyenera. Nambala imodzi yokha ikadutsa malire, zakwanira: 155/80 ndi BP, 130/96 ndi BP. Zonena kuti munthu wachikulire yake imayenera kukhala yokwera ndi zachikale, musazimvere.

Mawu akuti "moyenera" ndiwo amaphwanyidwa kwambiri. Taganizirani mayi amene wayenda wapansi kuchokera kumudzi dzuwa likuswa mtengo, waima pamzere maola awiri, mkodzo wamugwira, wakhala pa benchi yopanda potsamira, lamba wa makina wamangidwa pamwamba pa juzi, ndipo makina akupopa iye akuyankha mafunso. Chikhodzodzo chodzaza chokha chitha kuwonjezera 10 pa nambala yapamwamba. Kulankhula nakonso chimodzimodzi. Akatswiri a ku Johns Hopkins ku America anaonetsa kuti mkono wolendewera m'mbali umawonjezera pafupifupi 6, ndipo lamba wamba akamangidwa pa mkono waukulu kwambiri amatha kunamiza ndi pafupifupi 20. Phatikizani zonsezo, mayi wopanda vuto watuluka ndi dzina loti "wa BP" ndi mapiritsi amene azingomuchititsa chizungulire.

Kayezedwe kake sikovuta. Yambani mwakodza. Musasute fodya kapena kumwa khofi kwa mphindi 30 musanayezedwe. Khalani pampando mphindi 5 muli chete, msana utatsamira, mapazi ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ukhale wovula, utagona pa tebulo, lamba ali molingana ndi mtima, m'munsi mwake mutasiya mpata wa zala ziwiri kuchokera popindikira chigongono. Ayeze kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kutenga nambala ya pakati pa ziwirizo. Ulendo woyamba ayeze mikono yonse iwiri, ndipo umene waonetsa nambala yokwera ndiwo muziyezera nthawi zonse. Ngati mkono wanu ndi waukulu, funsani lamba wamkulu popanda manyazi.

Pali ena amene BP yawo imakwera akangoona yunifolomu ya namwino, kunyumba ili bwinobwino. Palinso ena, ndipo awa ndiwo oopsa, amene kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba ndi yokwera. Amene ali ndi makina kunyumba ayeze masiku 7, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kawiri ulendo uliwonse, alembe zonse m'kope, za tsiku loyamba asaziwerengere. Malire a kunyumba ndi 135/85. Gulani makina omanga kumtunda kwa mkono. A pa dzanja ngati wotchi aja amanama msanga dzanja likangopendekeka. Ndipo masiku 7 akatha, lekani. Kuyeza ola lililonse mtima uli m'mwamba sikuthandiza aliyense.

Koma "bwerani tidzabwereze" si chilolezo chosowa. Apa ndiye pamandipweteka mtima kuposa pena paliponse. Tsegulani mabuku a kuchipatala a anthu amene agonekedwa chifukwa cha sitiroko, mubwerere masamba m'mbuyo. Nthawi zambiri mupeza penapake palembedwa 165/100, ndi mawu oti munthuyo abwerenso pakatha masabata awiri. Anabwera chifukwa cha malungo kapena msana, analandira za malungozo, anachira, nkhani ya BP n'kuthera pamenepo. Tsamba lotsatira ndi la patapita zaka zitatu, atabwera atanyamulidwa, mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Matenda anapezeka nthawi yabwino, nambala inalembedwa ndi inki, mankhwala ake ndi otchipa ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Chimene chinasowa ndi ulendo wachiwiri uja basi. Mlandu suli kwa wodwala yekha. Ife azachipatala tikalemba nambala osamuuza munthu tanthauzo lake, tikumuuza kuti ndi nkhani yaing'ono. Koma inu owerenga, tsegulani buku lanu lero. Ngati muli 140/90 kapena kuposa ndipo sizinabwerezedwe, sabata ino isathe musanapite.

Nambala ikafika 180/110 kapena kuposa, munthu atapumula ndipo abwereza kuyeza, palibenso za masabata awiri. Aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

BP ikatsimikizika, funso lotsatira ndi lakuti yawononga kale chiyani, ndipo yayenda ndi chiyani. Kapepala koviika mu mkodzo kamaonetsa ngati impso zayamba kutaya puloteni, ndipo kamatenga mphindi zochepa. Shuga ayezedwe m'mawa musanadye kanthu: 7.0 kapena kuposa, pa makina ena 126, atabwereza tsiku lina, ndi matenda a shuga. Kumene kuli labu ayeze creatinine m'magazi kuti aone mphamvu ya impso, makamaka asanayambe mankhwala a BP ngati enalapril. Sikelo, msinkhu ndi kukula kwa mimba zilembedwe. Wachinyamata wa zaka zosakwana 30 wa BP yokwera kwambiri asangopatsidwa mapiritsi n'kumuuza kuti azipita. Pafufuzidwe chimene chikuikweza, ndipo poyambira ndi impso. Nenaninso zonse zimene mukumwa. Brufen ndi diclofenac, amene anthu amameza ngati mtedza pa vuto la msana ndi maondo, amakweza BP ndipo amapweteka impso. Mapiritsi ena olera, mankhwala a mtundu wa prednisolone ndi mowa wambiri nazonso zimaikweza.

Kenako pali chinthu chimene odwala ambiri sanachionepo, chikhalirecho n'chothandiza kwambiri. Mu 2019 WHO inatulutsa matchati oyerekezera mpata woti munthu wa zaka 40 mpaka 74 adwale sitiroko kapena mtima m'zaka 10 zikubwerazo. Dziko lonse lapansi analigawa m'zigawo 21, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique zili pa tchati cha kum'mawa kwa Africa. Pali tchati chosafuna labu: chimangofunsa zaka, ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, ngati mumasuta, nambala yapamwamba ya BP ndi kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu. Mukagwera mobiriwira, mpatawo ndi wosakwana 5 pa 100. Mofiira ndi 20 pa 100 kapena kuposa, kutanthauza kuti mwa anthu asanu onga inu, mmodzi adzagwa zaka 10 zisanathe.

N'chifukwa chake anthu awiri a nambala yofanana sathandizidwa mofanana. Mayi wa zaka 42 wosasuta amene ali pa 148 ndi bambo wa zaka 66 wosuta amene alinso pa 148, onse ali ndi BP ndipo onse afunika chithandizo, koma chiopsezo cha bamboyo n'chachikulu kangapo. Iye afunika kusiya fodya lero, kuyezedwa mafuta a m'magazi, mwinanso kuyamba mankhwala otsitsa mafutawo. Kwa munthu wa shuga, wa vuto la impso, kapena amene anadwalapo kale sitiroko kapena mtima, malangizo a WHO a 2021 amati mankhwala atha kuyambika nambala yapamwamba ili pakati pa 130 ndi 139. Amene anagwapo kale safunikanso tchati, ali kale pa chiopsezo chachikulu. Choncho musamayerekeze mankhwala anu ndi a mnzanu wa kumsika, ndipo musamabwerekane.

Za aspirin ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri akumwa kakang'ono kaja tsiku lililonse ati kosungunula magazi, popanda amene anawauza. Aspirin amathandiza amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha. Kwa wina aliyense, makamaka amene BP yake sinatsike, amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba ndi mu ubongo.

Mankhwala enieni a BP, monga HCT, amlodipine ndi enalapril, sachiza. Amaigwira pansi malinga ngati mukumwa. Nambala ikafika 128/80 ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati mwachira. Mukasiya imabwerera mwakale inu osamva chilichonse. Kumwa tsiku lokhalo limene mutu wawawa ndi kutaya mapiritsi. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri, ndipo kuwonjezeredwa wachiwiri sikutanthauza kuti matenda akula. Muziyezedwa mwezi uliwonse mpaka nambala itsike pansi pa 140/90, kenako pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Amlodipine amatupitsa mapazi ena, enalapril amayambitsa chifuwa chouma chosatha, HCT amakodzetsa ndipo ndi bwino kumwa m'mawa. Zonsezi zili ndi posinthira. Kanene kuchipatala, osangosiya. Kutsitsa nambala yapamwamba ndi 10 yokha kumachepetsa mpata wa sitiroko ndi pafupifupi kota.

Mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi kosadzaza, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Anthu amachotsa mchere pa tebulo koma n'kumaponya timakyubu tiwiri mu mphika, kudya nsomba zouma zothira mchere, ndi kuthira soda mu therere. Soda wa m'sitolo uja ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimapangitsa mchere kukweza BP.

Tsono pali anthu amene apeza malonda pa mantha a odwala. M'matauni mwadzaza timaofesi ndi magulu oyendayenda okhala ndi kompyuta ndi kachitsulo kogwira m'manja. Mphindi ziwiri zokha, pepala latuluka lonena kuti chiwindi chanu chatopa, impso zili ndi poizoni, magazi ndi akuda, ndipo mankhwala ake ali m'chikwama chomwecho pa mtengo woposa malipiro a mwezi. Palibe makina ogwira m'manja amene angayeze chiwindi, impso ndi shuga nthawi imodzi. Impso zimayezedwa ndi mkodzo ndi magazi. Kuyeza kwenikweni kumafufuza chinthu chimodzi chodziwika, chimene chili ndi malire odziwika ndi chithandizo chotsimikizika. "Kuyeza thupi lonse" kwa munthu amene akugulitsanso mankhwalawo ndi msampha. Funsani chiphaso cha Medical Council of Malawi, bungwe lovomereza madokotala, funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, muone mmene nkhope isinthire. Adyo, mandimu ndi chammwamba ndi zakudya, idyani, koma sizilowa m'malo mwa amlodipine. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mutaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro sadzakhalapo pamene abale anu azidzafunafuna malo pa makina otsuka impso ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth, kumene makinawo ndi ochepa kuyerekeza ndi owafuna.

Amayi oyembekezera ali ndi lamulo lawolawo. BP ya 140/90 mimba itapitirira masabata 20 si yodikira nayo tsiku la sikelo lotsatira, ndipo 160/110 ndi ngozi ya tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, kapena pakupweteka pamwamba pa mimba chakumanja. Kumeneko kumathera kukomoka ndi kutaya mayi ndi mwana. Mayi amene akumwa enalapril ndipo akufuna kutenga mimba, kapena wazindikira kuti waima, apite msanga akamusinthire mankhwala, chifukwa enalapril amavulaza mwana m'mimba.

Nkhope ikapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, mawu akamatuluka osamveka, pachifuwa pakamapweteka ngati patsikidwa chinthu cholemera kapena mpweya ukamabanika, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa. Wa sitiroko musamuteme mphini, musamupatse aspirin kunyumba chifukwa simungadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo musamumwetse mapiritsi a BP owirikiza kuti itsike msanga. Musamuthire madzi kapena phala m'kamwa: ambiri amalephera kumeza, zimalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mugonekeni chammbali, tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ndipo kumbukirani nthawi imene zinayambira kuti mukauze adokotala.