Matenda a m'magazi amene amagwira makanda obadwa masiku asanakwane ali m'chipatala

Uthengawu ukupita kwa amayi, abambo ndi agogo a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a chigawo cha Tete, amene khanda lawo labadwa laling'ono kwambiri n'kugonekedwa m'chipinda cha makanda, chija ambiri amachitchula kuti berçário, kaya ku Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete.

Mwana amene wabadwa mimba isanakwane masabata 37 amatchedwa wobadwa masiku asanakwane, ndipo amene sikelo yake sifika magalamu 1,500 ndiye ali pachiopsezo chachikulu cha matendawa. Achipatala amasiyanitsa mitundu iwiri. Matenda akaoneka m'maola 72 oyambirira, kawirikawiri tizilombo timakhala tachokera kwa mayi panthawi yobereka, koma akayamba patadutsa masiku atatu, tizilombo timakhala tachokera pamalo pamene mwanayo akusamalidwira: m'manja mwa omugwira, pansalu, pa zipangizo. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umasokoneza makolo, chifukwa umabwera pamene mtima unayamba kukhala pansi.

Chitetezo chochuluka chimene mayi amapatsira mwana chimadutsa m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, choncho wobadwa pa miyezi isanu ndi iwiri amatuluka asanalandire gawo lake lokwanira. Khungu lake ndi lopyapyala, matumbo ake ndi osakhwima, komanso zinthu zomwe zikumupulumutsa, monga singano ya diripi, kachubu kodyetsera ka pamphuno ndi machubu a mpweya, zimathanso kukhala khomo lolowera tizilombo. Mabakiteriya odziwika pa vutoli ndi Klebsiella, Staphylococcus ndi E. coli, ndipo nthawi zina ndi mafangasi otchedwa Candida. Ena mwa iwo samvanso mankhwala amene kale ankawapha. Si tsempho ayi, ndipo palibe chifukwa choti banja liyambe kulozana zala.

Chovuta n'chakuti khanda lotere silidwala ngati mwana wamkulu. Thupi likhoza osatentha n'komwe, m'malo mwake limazizira, nthawi zina mpaka kutsika pa madigiri 35.5. Mwana amene dzulo amalandira mkaka bwino amayamba kuubweza, mimba imatupa n'kuuma, amafooka moti ngakhale mutamugwedeza pang'ono sakutakataka, khungu limatuwa kapena kuoneka la mawangamawanga. Kupuma kumathamanga, kufika ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena kumaima kwa kanthawi. Ena amanjenjemera ngati akukomoka, ena liwombo limatukumuka. Mayi, inu amene mumakhala pafupi naye usana ndi usiku ndinu woyamba kuona kuti lero mwana sali monga dzulo. Uzani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pausiku, ndipo musaope kuti akuonani ngati wovuta, pakuti matendawa amakula m'maola ochepa.

Adokotala akakayikira amatenga magazi kuti akapimidwe, ndipo mankhwala opha mabakiteriya amayambidwa kudzera mumtsempha zotsatira zisanabwere. Akapempha kutenga madzi a pamsana, cholinga ndi kuona ngati tizilombo tafika ku ubongo. Agogo ambiri amakaniza zimenezi poopa kuti mwana alumala, koma cholumalitsa ndi matenda oumitsa khosi amene sanapezeke msanga. Mankhwala amatenga masiku angapo, choncho kutulutsa mwana chifukwa akuoneka kuti watsitsimuka ndi kumubwezera m'mavuto.

Pa kupewa, chachikulu ndi manja. Sambani ndi sopo mpaka m'zigongono musanamugwire, ndiponso mukamusintha thewera, mukagwira foni kapena ndalama. Zikhadabo zikhale zowengedwa, mphete ndi zibangili zivulidwe. Ndi ufulu wanu kukumbutsa mwaulemu aliyense, ngakhale wovala yunifolomu, kuti asambe m'manja. Achibale odzazonda adikire panja, makamaka amene ali ndi chimfine kapena zilonda.

Mkaka wa m'mawere, kuyambira woyamba wachikasu uja, umateteza matumbo ndi magazi a khanda. Ngati silingathe kuyamwa, finyirani m'kapu yotsukidwa bwino pafupifupi maola atatu aliwonse. Musamumwetse madzi, tiyi kapena mankhwala achikuda, ndipo pamchombo musapake phulusa, mafuta kapena china chilichonse chimene achipatala sanapereke.

Njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu ndi khungu n'kumumanga ndi nsalu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti iziyamba mwana akangobadwa, osadikira kuti ayambe walimba. Imasunga kutentha kwa thupi ndi kuchepetsa matenda. Mayi akatopa, bambo kapena agogo akhoza kulandira. Mukatuluka m'chipatala pitirizani kunyumba, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu cha kumapiri a Angónia ndi Tsangano chimaluma, ndipo chizindikiro chilichonse mwa zija chikaoneka, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo mwanayo ali pachifuwa njira yonse.